Manja a pa Khosi la Bulu

Chaka chimene mvula inaiwala njira ya kumwera kwa Utah, mulu wa miyala wa pa Khosi la Bulu unayamba kuyenda wokha usiku. Woyamba kuuona anali Orval Haskew, popeza ndi iye yekha amene anali ndi chifukwa chopitira kumeneko.

Ng'ombe zake zinali pansi m'chigwembe, kumene kunatsala tiudzu, koma kasupe anali atauma mpaka achule anasamuka osatsanzika. Ndiye madzulo alionse ankadzaza madzi m'thanki ya pa lole yake yakale, n'kuphwetsako matayala kuti agwire bwino, n'kutsetsereka nayo. Masana sakanayesa, injini inkawira ngati ketulo. Msewu wake ndi wa dzina chabe. Umadutsa pathanthwe losalala pamene tayala silisiya mkukuluzi, munthu amangotsata timilu ta miyala. Pa Khosi la Bulu njira imapanikizika, khoma kumanzere, phompho kumanja, ndipo woyendetsa saona pansi, amangoona boneti ndi thambo.

Malo otero sadutsa munthu mmodzi. Wina amatsika, n'kuima kutsogolo, n'kumalozera ndi manja. Lamulo lake ndi lakuti woyendetsa ayang'ane manjawo basi, asamvere maso ake kapena mimba yake. Lamulo lachiwiri, sunyamuka mnzakoyo asanakwere. Wolozera wa Orval anali mlamu wake Eusebio, mchimwene wa mkazi wake, amene asanayambe ankamenya boneti kawiri ndi chikhatho. Koma Eusebio anali atamwalira m'nyengo yozizira, osati kuphompho ayi, pabedi, ndi chibayo, ngati munthu wa mu ofesi. Kuyambira pamenepo Orval ankadutsa yekha, kudalira mulu umene awiriwo anaunjika posonyeza pokhotera tayala lakumanja.

Tsiku lina anaupeza utasendera kukhoma, mwala uliwonse uli pa unzake mwadongosolo. Anatukwana alendo a magalimoto onyezimira amene amasewera ndi miyala ya eni, n'kuubwezera pamalo pake, n'kudutsa. Mawa lake unali utasendera kuposa dzulo. Anazungulira ndi tochi kufuna mapazi m'kamchenga ka m'ming'alu. Munali mapazi a buluzi okha.

"Inu, ndani angakwere kumeneko kukanyamula miyala?" anafunsa mkazi wake Delfina, akumuikira nyemba zatsabola. Ankalankhula motsitsa ngakhale m'nyumbamo munalibe wina.

"Ana a m'tauni. Alibe chochita."

"Ana a m'tauni amene amalira foni ikasowa netiweki? Achimwene ankanena kuti thanthwe limenelo lili ndi chifuwa, limatsokomola m'kati."

"Achimwene akowo ankanenanso kuti anakwera nkhandwe mpaka ku Arizona."

Pamalo othirira mafuta nkhani inali itafika kale. Ena ankati ndi anthu aboma ofuna kutseka msewu. Ena ankati m'chigwembemo munagwa wofufuza miyala ya mtengo wapatali kalekale, ndipo akufuna mnzake wocheza naye. Wokonza matayala anangoti, "Orval, ukagwa undisiyire matayalawo, akadali abwino."

Madzulo otsatira mulu unali utagundana ndi khoma lenilenilo, poti lole singadutse ngakhale itasala kudya. Orval atawerama kuti autole, pansi pa mapazi ake panamveka kulira kwakuya, ngati chitseko chachikulu chikutsekulidwa m'nyumba ya pansi pa nthaka. Kenako zii. Mphepo inaima. Munthu wamkuluyo anabwerera chammbuyo ndi lole mpaka pokhotera, n'kupita kunyumba thanki ili yodzaza.

Anakhala masiku osapitako, akunamizira injini. Koma ng'ombe yaludzu ili ndi mawu ake, ndipo mawuwo ankakwera ndi makoma a chigwembe mpaka pakhonde. Ng'ombezo ndizo zinali chuma chawo chonse. Delfina anangomudzazira khofi m'fulasiki n'kuika makiyi pambali pake.

Anafika pa Khosi mdima utagwira, wakuda bii, woti nyali za lole zinkangouboola pang'ono ngati kabowo m'bulangete. Madzi ankakhavukira m'thanki kumbuyo. Mulu kunalibe. Anaponda buleki, n'kukhala akumvetsera injini ikugunda ndi mtima wake ukuyankha.

Boneti inalira. Pha! Pha!

Kumapeto kwa kuwala, pamene fumbi linkayandama, kunali manja awiri otukula, zikhatho zotambasula. Nkhope sanaione. Sanayesenso kuifuna, chifukwa lamulo limati uyang'ane manja. Dzanja lina linakodola, Orval anamasula buleki. Linaloza kumanzere, anakhotetsa. Linalozabe kumanzere, kukhoma.

"Mlamu," ananong'ona, "kumeneko ndi khoma."

Dzanjalo linagwedeza chala, monga ankachitira Eusebio pouza munthu kuti atseke pakamwa.

Matayala akumanzere anakwera khoma. Lole inapendekeka mpaka fulasiki inagubuduka n'kukagunda chitseko chinacho. Pawindo lakumanja panalibe thanthwe, panali nyenyezi, ndipo Orval mpaka lero amalumbira kuti zinali pansi pake. Zitsulo zinalira, madzi anapendamira kuphompho, koma manja ankangokodola pang'onopang'ono, osafulumira, ngati oitana mwana wophunzira kuyenda. Kenako anafumbata nkhonya. Ima. Lole inali pamchenga, tsidya lina.

Phazi linkafuna kuponda mafuta, koma Orval anali munthu woleredwa. Anadikira. Chitseko chakumanja, cha mbali ya wokwera, chinatseguka, mpando unalira, lole inatsamira mbali imeneyo pang'ono, chitseko n'kutsekeka. Anayenda osacheuka mpaka pomwera ng'ombe, ndipo zinamwa mpaka mimba zinalira ngati ng'oma.

Kutacha anakwera wapansi kukaona. Theka la Khosi la Bulu linali litagumukira kuphompho, kuyambira pamene mulu unkakhala kale. Potsala panali poti wilibala ingadutse mopemphera. Pakhoma, pamwamba kuposa chipewa chake, panali mizere yakuda ya matayala.

Ng'ombe anazitulutsa pamlungu womwewo, imodziimodzi, pa kanjira kotsalako, ndipo palibe inatayika. Lole inatsala pansi, popeza panalibenso poitulutsira.

"Mwasiya lole," anatero Delfina atamva zonse. "Nanga amene munakwera nayeyo munamutsitsa?"

Orval anayang'ana khofi wake.

Osaka nyama amene amagona m'mphepete mwa chigwembe amanena kuti dzuwa likalowa, pansipo pamayaka nyali ziwiri. Zimakwera pang'onopang'ono mpaka m'munsi mwa Khosi la Bulu, n'kuima. Injini imangogunda, chitseko cha woyendetsa chili chotsegula, osanyamuka, ngati ikudikira mwini wake. Orval amati ndi bodza la anthu oledzera, batire ija inafa kalekale. Komabe dzuwa likapendeka, Delfina amatenga nsapato za mwamuna wake n'kuzikhomera m'kabati.