Digiri ya Achimwene

Lolemba m'mawa, mayi wamkulu wa laibulale ya pa yunivesite anapeza shelefu ya kemisitire ili ngati m'kamwa mogweluka mano. Mabuku akuluakulu ochokera kunja, aja saloledwa kutuluka pakhomo, anali atapita.

"Ndiitanireni Sayansi. Muimbirenso apolisi."

Sayansi linali dzina limene ophunzira anapatsa woyang'anira chipinda cha mabuku a sayansi. Mwamuna wa tayi, nsapato zowala ngati galasi. Ntchito ankaitha koopsa: kusankha mabuku atsopano, kuphunzitsa ophunzira kufufuza pa kompyuta, kumata kachitsulo m'buku lililonse kuti belu la pakhomo lilire wina akaba. Chimene analibe ndi digiri. Yomwe analowera ntchito inali ya mkulu wake, ndipo kuntchitoko analembetsa dzina la mkulu wakeyo lomwe linali pa digiripo.

Mkuluyo sukulu anaiphunziradi, koma mowa unamudya. Lachisanu lililonse masana ankatulukira ndi jekete lalikulu.

"Mng'ono wanga, tayi ikukukhala bwanji! Digiri yanga ikukunenepetsa eti?"

"Achimwene, chonde, tsitsani mawu."

"Ndipatse buku lina ndikagulitse. Kapena ndikawalonjere amayi mu ofesimo?"

Sayansi ankamatula kachitsulo, buku n'kulowa m'jekete.

Sajenti wa polisi atafika, anayang'ana khomo, osati shelefu.

"Belu linalirapo?"

"Ayi," anatero mayi aja.

"Ndiye wakubayo ali ndi dzanja m'kati muno. Amamata tizitsulo ndani?"

"Ndine," anayankha Sayansi.

"Zikomo bwana. Musapite patali, tidzachezanso."

Sabata imeneyo tayi inasanduka chingwe. Athawe, ana adya chiyani? Aulule, ndende. Awakanize achimwene, ndende yomweyo. Mkazi wake anafunsa ngati akudwala, iye anangoti ndi fumbi la mabuku.

Lachisanu cha m'ma 2 koloko, jekete lija linatulukira.

"Lero ndikufuna lofiira lija."

"Achimwene, apolisi ayamba kununkhiza. Tisiye."

"Anunkhize iwe. Ine ndine mlendo."

Sayansi anatsitsa bukulo, nalitsegula kumapeto. Chikhadabo chinafika pa kachitsulo, n'kuima. Anatseka buku napereka ndi manja awiri.

"Muyende bwino, achimwene."

Belu linalira mpaka ophunzira kudzidzimuka. Mlonda anagwira jekete, buku n'kugwa pansi kuti phi! Sajenti, yemwe anali atakhala pa tebulo la nyuzipepala kuyambira m'mawa, anaimirira mosapupuluma.

"Ndisiyeni! Funsani uyo!" anakuwa mkulu uja. "Mpando akukhalawo ndi wanga! Digiri ndi yanga!"

Sayansi anamasula tayi, naipinda bwinobwino, naiika pa desiki pamodzi ndi makiyi. Anatambasula manja yekha. Unyolo unali umodzi, choncho anawamanga pamodzi, wina kumanja wina kumanzere.

Ku polisi, Sajenti anatenga digiri ija m'manja, naitana dzina lolembedwapo.

"Wawa," anayankha onse awiri.