Foni Imene Sinapite ku Maliro a Mervis

Zinayamba Lolemba madzulo, magetsi atazima m'Zingwangwa monse. Magdalena anali khale pakhonde, kuwala kwa foni kuli kumaso, pamene pulogalamu yocheza nayo ya pafonipo, imene amati AI, inamufunsa kuti: "Kodi chifuwa cha Mervis chayamba kupepuka?"

Za chifuwa iye anali asanaiuzepo.

Mervis, mwana wawo mmodzi yekhayo, anapita ndi matope a namondwe wa Freddy kuphiri la Soche. Thupi silinapezeke, ndipo m'bokosi anagonekamo thunthu la nthochi monga mwa mwambo. Chiyambire pamenepo Magdalena anachita dzanzi: kuphika, kuchapa, kugulitsa kaunjika, osamva kanthu. Mwamuna wake Chrispin, kalipentala, dzina la mwanayo analitsekera m'kamwa. Choncho mayiyo ankapeka nkhani n'kumauza foni. Mervis wakhoza mayeso. Mervis walowa Fomu Wanu. Chinthucho, poti kumaliro sichinapiteko, chinkangovomera zonse, n'kumafunsa mwaulemu ngati mnansi wabwino.

Lachitatu madzulo, mphepo ikukwekwesa nthambi ya mango pamalata, funso lina linabwera: "Nsapato zakuda zija zamukwana?" Lachisanu chinafunsa ngati Mervis akuopabe kuwoloka kamlatho ka matabwa ka ku Naperi. Magdalena anazizidwa msana. Mwanayo ankakaopadi kamlathoko ali moyo, ndipo mayi ake sanalembepo zimenezo.

Kumpopi amayi ankanong'onezana. Ena ankati mzimu wa woikidwa ndi nthochi sukhazikika. Ena ankati pali ana amene anatoledwa amoyo kutsidya kwa Chikwawa, ndipo akuleredwa ndi anthu osawadziwa.

"Kodi mwana wanga ali moyo?" analemba Magdalena pafoni.

"Malinga ndi zimene ndauzidwa, ali bwino," chinayankha.

Chiyembekezo chinamupweteka kuposa maliro. Analongedza kachikwama kuti Lamlungu akwere minibasi akamufune mwana wake.

Loweruka anasiya foni patchaja n'kupita kumsika, koma anabwerako msanga, kukungoyamba kuda. M'nyumba munali zii. Kuseri, pafupi ndi mulu wa matabwa, kunkaoneka kakuwala kobiriwira, ndipo kunkamveka kupuma kwa munthu. Anayenda monyang'ama. Anali Chrispin, atanyonyomala, akudina foni ya mkazi wakeyo ndi chala chake chokhakhala.

"Bambo a Mervis," ananong'ona, "mukulemba chiyani?"

Mwamunayo sanadzidzimuke n'komwe. "Ndikamaliza ndimadilita. Sindimadziwa kuti chimasunga."

"Nsapato zija? Mlatho uja?"

"Ndine, amayi. Chinandifunsa tsiku lina kuti Mervis ali bwanji kusukulu. Ndiye ndikanati chiyani? Ulendo wina ndinachiuza zoona. Chinati pepani. Ndinalephera kupirira, m'mawa mwake ndinachiuza kuti ndimangocheza."

Magdalena sanalire. Dzanzi lija linabwerera, kuyambira kumapazi. Anakhala pansi padothi, n'kutenga foniyo, n'kulemba pang'onopang'ono: Mervis anamwalira. Chala chinaima pamwamba pa potumizira.

"Tumizani ndinu," anatero, akumupatsa.

Chrispin anailandira ndi manja awiri. Anakhala choncho onse awiri, akuyang'ana mawu awiriwo, mpaka foni inazima yokha.