Mabatire a M'belu la Bambo

Nyumba ya akalipentala inali yaing'ono, koma munthu ukalowamo sunkafuna kutulukamo msanga. Mipando, tebulo, kabati ngakhale kashelefu koikapo tivi, zonsezo anakhoma okha bambo a m'nyumbamo manja awo akadali amoyo. Matenda a sitiroko atawagwetsa, anawalanda mbali yonse ya kumanja pamodzi ndi mawu, n'kuwasiyira maso ndi dzanja lamanzere basi. Komabe banja silinagwe nawo. M'mawa uliwonse mayi ankawasambitsa, kuwapesa ndi kupemphera nawo, kenako n'kuthamangira ku hotela kumene ankachapa nsalu za pabedi. Masana onse odwalawo ankatsala ndi mwana wawo womaliza, yemwe aliyense ankangomutcha Mzime. Anali atangomaliza sekondale, akudikira zotsatira za mayeso.

Poti bambo sankatha kuitana, mlongo wake wa Mzime, amene anakwatiwa kutali, anawagulira belu lopanda mawaya. Kabatani kake anakamangirira pabedi pafupi ndi dzanja lamanzere, cholira chake n'kuchipachika pamsomali pabalaza.

"Tamvera, Mzime," anatero mayi tsiku lomwelo. "Bambo ako akadya, uziwakhazika tsonga. Chakudya chimawabwerera pakhosi, ndipo akatsamwa sangakuwe. Belu ili ndiye pakamwa pawo. Likalira, ngakhale uli kuchimbudzi, thamanga."

"Ndamva, amayi."

Ndipo anamvadi, tisamunamizire mwana. Ankawameta ndevu bambo ake, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, n'kumawasimbira za mpira mpaka mbali yamoyo ya mlomo wawo imwetulire. Aneba ankachita kuloza ana awo kuti atengere chitsanzo pa iye.

Tsiku lina mayi ali pa tchuthi anamutuma kukagula mankhwala. Pafupi ndi sitolo ya mankhwala panali kashopu ka zamagetsi komwe anamata mapepala ofiira olengeza kuti mitengo yatsika. M'katimo tivi yaikulu inkaonetsa magalimoto akuthamangitsana, ndipo anyamata anali ataunjikana, makosi ali tototo. Mwini shopuyo, munthu wa dzino lagolide ndi lilime loterera, anamuona Mzime ataima pakhomo.

"Lowa, mphwanga, kuona n'kwaulere. Gwira ichi, timati padi, ndicho chiwongolero chake. Kabokosi aka umangokabaya kuseri kwa tivi, magemu onse amabwera okha pa intaneti. Umasewera ndi anthu a kutsidya la nyanja uli khale pampando wa kwanu."

Mzime anagwira padi lija, ndipo linanjenjemera m'manja mwake ngati kamwana ka nkhunda. Anaiwala mankhwala, anaiwala dzuwa.

"Zala zakozi n'za katswiri," anatero washopu. "Tenga lero, mawa mtengo ukwera."

"Ndilibe kanthu m'thumba, akulu."

"Ndani wanena za thumba? Madala ako si aja anali akalipentala? Zida zawo zikungodyedwa ndi dzimbiri. Tisanamizane, mphwanga, dzanja lija lidzagwiranso sowo?"

Mawu amenewo anayenera kumupsetsa mtima, koma m'malo mwake anapita nawo kunyumba n'kugona nawo.

Bokosi la zida linkakhala pansi pa bedi la bambo. M'mawa mwake, mayi atangotuluka, Mzime anagwada n'kulikoka. Anatulutsa chopalira matabwa, sowo ndi tchizulo zonse. Atadzutsa mutu anapeza maso a bambo ali pa iye. Chala chawo chinafufuza kabatani, ndipo belu linalira pabalaza, ngakhale woitanidwayo anali pompo.

"Ndikukazipaka mafuta, bambo. Zayamba dzimbiri."

Belu linaliranso iye akutseka chitseko.

Madzulo mayi anapeza mawaya achilendo kuseri kwa tivi.

"Ichi n'chiyani? Wachitenga kuti?"

"Mnzanga wandibwereka. N'chongotayitsa nthawi, amayi, bambo akagona."

"Nthawi yako siyotaya, ili ndi mwini wake m'chipindamo. Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, m'kati muli nyerere. Ndisadzamve kuti belu linalira kawiri."

Poyamba ankasewera bambo akagona. Kenako anayamba kusewera bambo ali maso. Ndevu zawo zinakula, nkhani za mpira zinatha, ndipo chakudya ankawapatsa mothamanga, diso lili kukhomo. Belu likalira ankakuwa kuti, "Ndikubwera!" koma zala zili pa padi.

Ndiye padi lotchipalo linali ndi mimba yake: linkadya mabatire ngati nkhuku pachimanga. Mzime anayamba ndi a mutochi. Atatha anachotsa a muwailesi, kenako a muwotchi ya pakhoma. Mayi ataona wotchi yaima anangodandaula kuti zinthu za masiku ano sizilimba, osadziwa kuti mbava ikudya nawo m'mbale imodzi.

Tsiku lina padi linazima gemu ili pakati. Mzime anasanthula madirowa onse osapeza kanthu. Atakweza maso anaona cholira cha belu pamsomali. Anachitsitsa, n'kuchitsekula kumbuyo, ndipo mabatire ake anali amtundu womwewo. Mtima unamuuza zoona, koma iye anauyankha kuti, "Kanthawi kochepa chabe. Ndibwezera amayi asanafike."

Anabwezeradi. Koma atalowa kuchipinda anapeza bambo atadzinyowetsa, misozi ikutsikira m'khutu, chala chili pakabatani. Munthu amene anakhoma mipando ya m'nyumba yonse ankalira ngati khanda, mopanda mawu. Mzime anachita manyazi aakulu. Anawasintha zofunda akulira nayenso, n'kulumbira kuti sadzabwerezanso.

Lumbiro la munthu wogwidwa ndi chilakolako silichedwa kusasa. Sabata isanathe, washopu anamuimbira foni.

"Katswiri, wasowa bwanji? Lero kuli mpikisano, anyamata onse alowa. Akuti iwe wathawa, unamwino wakukwana."

"Bambo sali bwino kwenikweni lero."

"Aaa, madala akhala akudwala chaka chonse, afera lero? Lowa, uwaonetse."

Masana amenewo Mzime anawamwetsa bambo phala mowakankhira, supuni pamwamba pa supuni. M'malo mowakhazika tsonga ndi mapilo onse, anangowatsamiritsa papilo limodzi n'kutuluka. Mpikisano utafika pokoma, kanyali ka padi kanayamba kuphethira. Ulendo uno sanazengereze n'komwe. Anatsitsa cholira, anakolopola mabatire, n'kuchiponya pampando chili chotsekula.

Anasewera ngati wamisala. Anagonjetsa woyamba, anagonjetsa wachiwiri, dzina lake likukwera pa tivi. M'nyumba munali zii, ndipo iye anakondwera kuti lero bambo sakuvutitsa. Wotchi ya pakhoma inali chiimire, choncho sanadziwe kuti dzuwa lapendeka mpaka anamva chitseko chikutsekuka.

"Bambo ako ali bwanji?" anafunsa mayi akutula chikwama.

"Agona. Sanaitane n'kamodzi komwe."

Mayi analowa kuchipinda. Kulira kumene kunatuluka m'menemo Mzime sanakumvepo chibadwire. Anathamanga padi lili m'manja. Bambo anali atatsetsereka papilo, mutu utagwera kumbuyo, phala lili pakamwa ndi pamphuno, maso ali kukhomo. Chala chawo chinali chitakanikiza kabatani mwamphamvu mpaka chikhadabo chinathyoka. Thupi linali litazizira kale.

Mayi anachotsa chalacho pang'onopang'ono, n'kudina okha kabatani. Pabalaza sipanamveke kanthu. Anadinanso. Kenako anatuluka, Mzime akuwatsatira ngati mbuzi yopita kokaphedwa, ndipo anaona cholira chili gada pampando, m'mimba mwake mulibe kanthu. Anayang'ana cholira, anayang'ana padi m'manja mwa mwana wawo. Pa tivi nyimbo ya chipambano inali ikuimbabe.

"Anakuitana," anatero mayi ndi mawu otsika. "Mwamuna wanga anakuitana mpaka kufa."

Pamaliro anthu ankamugwira paphewa Mzime n'kumamuyamikira kuti anasamala bambo ake mpaka mapeto. Mawu aliwonse otero ankamulasa kuposa chikwapu. Mlongo wake atafunsa kuti zinakhala bwanji, mayi anangoti, "Anatsamwa." Sanawonjezere kanthu, ndipo za belu sanauze munthu wina aliyense. Mzime anaphwanya padi ndi kabokosi komwe ndi mwala kuseri kwa nyumba, koma madzi akatayika saoleka. Zotsatira za mayeso zitatuluka anapezeka kuti wakhoza bwino, ndipo panalibe amene anasekerera.

Patapita miyezi, mayi anadwala malungo aakulu, osatha ngakhale kudzuka. Mzime anaona ngati Mulungu wamutsekulira kakhomo. Anatereka madzi, anachapa zofunda, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi lawo.

"Amayi, ndikhala pompano. Sindisuntha. Chilichonse mungafune, ndilipo."

Mayi anatembenuka movutikira n'kumuyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo munalibe ukali, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa kwambiri.

"Pita ukaitane aneba, adzandikhalire iwowo."

"Amayi, ndasintha. Ndikhululukireni."

"Ndinakukhululukira kale, mwana wanga, pamaso pa Mulungu. Ndiwe wanga ndipo udzakhalabe wanga. Koma ndikatseka maso iwe uli pampandopo, tulo sitibwera. Ndimaopa. Pita ukawaitane."

Mzime anapita kukagogoda kwa aneba. Mayi a kumeneko anabwera ndi nsalu yawo, analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Iye anakhala pansi m'khonde, msana utatsamira khoma, akumva munthu wapadera akumwetsa madzi mayi ake omubala.

Ananu, imvani izi zisanakuonekereni. Tchimo silibwera ndi nyanga, limabwera ndi mtengo wotsika ndi mawu akuti "kanthawi kochepa chabe". Amene waba chida lero, mawa adzaba chimene moyo wa munthu wadalira. Masewera ukagonja umayambiranso, koma kholo likakuitana komaliza iwe osayankha, silidzaitananso. Kulapa kungakubwezereni chikhululukiro, koma si nthawi zonse pamene kumabweza chikhulupiriro cha amene munawagwiritsa mwala.