Wolankhula Wachitatu

Anakumana pa shopu ya fotokope, pafupi ndi geti la koleji. Mtsikana wa pamakinapo anapatsa mnyamata wina mapepala akadali otentha n'kunena, "Ndamalizatu."

"Tabwerezani," anatero mnyamatayo. "Ka 'tu' kanuko kakukoma ngati uchi."

Anali wofufuza zilankhulo. Ankati akulondola kachidutswa kakang'ono ka kumapeto kwa mawu, kuti aone mmene kamagwirira ntchito m'zilankhulo zinayi. Mtsikanayo sanatolepo kanthu, koma anamwetulira mpaka madzulo. Mtima ndi chitsiru, abale!

Posakhalitsa mauthenga anayamba. "Duwa langa, usamandilembere. Uzitumiza mawu ako, ndizikumva tsiku lonse. Ndikangomaliza kafukufukuyu, mphete ili pachala chako."

"Iwe, mwamuna wokonda mawu kuposa nkhope?" mkulu wake wa mtsikanayo anamuseka. "Akufuna mkazi kapena wailesi?"

Koma wokonda amamva? Ankatumiza akuseka, ankatumiza atanyanyala. Nthawi ina mnyamatayo anangoti zii, ati foni yawonongeka. Mtsikanayo analirira m'foni: "Ndakusowatu, wapamtima. Usandisiyetu, ndilibe wina!"

Atamva kwa ophunzira kuti wokondedwa wake akufotokoza zomwe wapeza, anavala diresi latsopano n'kukakhala pampando wakumbuyo m'holomo kuti amudzidzimutse.

"Munthu akadziwa kuti ukumujambula amalankhula mopanga," mnyamatayo anauza gululo monyadira. "Ine ndinapeza njira yotolera mawu ochokera pansi pamtima."

Anadina kompyuta. Mawu a mkazi, chilankhulo chachilendo, akulira. Kenako wina, chilankhulo chinanso. Kulira sikufuna womasulira: onse ankalirira mwamuna mmodzi.

"Wolankhula wachitatu," analengeza mnyamatayo.

"Usandisiyetu, ndilibe wina!"

Ophunzira anaseka chikhakhali. "Tamvetserani ka 'tu' pamenepo," anatero iye, n'kubwerezanso. Manyazi anamuotcha mtsikanayo thupi lonse. Misozi yake ija, lero chitsanzo cha m'kalasi?

Mnyamatayo anamupeza pakhonde. "Duwa langa, dzina lako sindinalitchule!"

"Masiku unakhala chete aja, foni inawonongekadi?"

Mnyamatayo anayang'ana nsapato zake. "Ndinkasowa chitsanzo cha munthu wodandaula. Koma iweyo ndiye unaposa onse, wokondedwa."

Mtsikanayo anatsegula pakamwa kuti amulalatire mpaka akhute. Kenako anaona foni ikusuzumira m'thumba la shati la mnyamatayo, ikudikira mawu ake. Anameza mawu onse, n'kutuluka pageti osatembenuka.