Waya Wobiriwira

"Kodi waya wobiriwirayu ntchito yake n'chiyani?"

Alamu, akazi a achimwene, anafunsa atatola kachidutswa kamene kanawagwera paphazi. Achimwene anali atagwada m'matope, tochi ili kukamwa, akulumikiza chingwe cha jenereta ndi cha kalavani. Mawaya awiri anawapota n'kuwakulunga ndi timapepala ta pulasitiki. Wachitatuyo anali wamfupi, ndiye anangomudula.

Kalavaniyo inali galimoto yakale yokhala ndi mabedi, sinki ndi kafiliji m'kati. Achimwene anaigula kuti banja lizigonamo papuloti mpaka nyumba itafoleredwa. Mlongo wawo, telala wowonda amene aliyense ankamutchula Kansingano, anabwera kudzathandiza kusamuka, ndipo tsopano anali ataima poteropo akuyang'ana chingwe chikulowetsedwa pansi pa chopondera chachitsulo cha pakhomo.

"Achimwene, za magetsizi munaphunzira liti?"

"Tsiku lomwe iwe unaphunzira ulemu. Pita uzikasoka madiresi."

Jenereta inatsokomola kawiri n'kulira. Mababu anayaka. Toto, mwana wamkazi wa achimwene amene anapatsidwa dzinalo chifukwa chokana chilichonse, anawomba m'manja ali pabedi.

"Mlamu, undisokere makatani ena," anatero alamu poperekeza Kansingano. "Awa akununkha nyumba ya eni."

Kansingano anagwira katani imodzi. Nsalu yachikasu ya timbalame tabuluu, yopindidwa pamanja, msoko waung'onoung'ono ngati mapazi a nyerere. Amene anasokayo sanali pachangu. Analonjeza kuti abweretsa tepi mawa.

Pamene ankanyamuka n'kuti maminibasi atasiya kale kuyenda. Mvula inayamba yowaza, ija yosanyowetsa msanga koma yosaleka. Anadutsa nyumba zosatha kumangidwa, mazenera ali yasa. Kulira kwa jenereta kunamutsatira pambuyo, kukucheperachepera, mpaka kunatsala ngati udzudzu m'khutu. Mtima sunakhazikike. Anafufuza m'chikwama: makiyi alimo, foni ilimo ngakhale inali itathima. Nanga chimene ankamva ngati waiwala chinali chiyani?

Pamlatho wodutsa ngalande yaikulu, getsi la mumsewu linali kuphethira. Pansi pake panaima mayi.

Analibe nsapato. Analibe ambulera. Dzanja lamanja anali atalipanira kukhwapa ngati munthu amene wapsa ndi mphika, ndipo m'mphepete mwa diresi lake munali mapegi oyanikira zovala, atapanidwa mondondozana.

Kansingano anachepetsa liwiro. "Mwaswera bwanji, mayi?"

"Mwazimitsa?"

"Pepani?"

"Ine ndinangotuluka kukaanula zovala." Mawu ake anali ofatsa, ngati akudandaula za mtengo wa sopo. "Phazi pansi, dzanja pachitseko. Basi."

Wamisala, anaganiza Kansingano. Anapatukira mbali ina ya mlatho. Koma maso a telala sagona: getsi litaphethiranso, anaona nsalu ya diresilo. Yachikasu. Timbalame tabuluu.

Mvula inkagwa ponseponse. Diresilo linali louma.

Mayiyo anatulutsa dzanja lija pang'onopang'ono n'kulitambasula. Pakati pa chikhatho panadutsa mzere wakuda, wowongoka, kukula kwake ngati chogwirira cha chitseko.

"Kamwanako kamadzuka usiku, eti?"

Getsi linathima.

Litayakanso... pamlatho panali Kansingano yekha.

Toto! Toto amene amadzuka usiku uliwonse kukakodza. Toto amene amakana chitini, amakana masilipasi, amakana kudzutsa mayi ake.

Anathamanga. Nsapato imodzi inatsala m'matope, sanaitole. Nyumba zosatha zija zinamudutsa ngati zikuthawa ndi izo. Mvula inakula. Mpweya unamuthera, nthiti zinabaya. Udzudzu uja unabwerera m'khutu, n'kukula, n'kukhala jenereta.

Kalavani inali apo, babu la pakhomo likuyaka. Pafupi ndi chopondera panagona galu wa eni puloti yoyandikana, amene madzulo ankanyambita mbale. Anagona chammbali, miyendo ili tambalala. Mvula inkamugwera m'diso lotsegula.

Chitseko chinalira. Chinatseguka.

Toto anaima pakhomo akutikita m'maso. Dzanja lina linagwira chogwirira. Phazi lopanda nsapato linatsikira pachopondera. Linalo linanyamuka, likufunafuna pansi...

"Usatsike!"

Mwanayo anaima, phazi lili m'malere. "Azakhali? Ndikufuna kukodza."

"Kodzera pomwepo."

"Toto," anakana mwanayo.

"Ndati kodzera pomwepo, mayi anga, ndikugulira chilichonse. Usaponde pansi."

Sanadikire yankho. Jenereta inali kuseri, itakhala m'chithaphwi, ikunjenjemera. Anatambasula dzanja, n'kulibweza: linali lonyowa, ndipo iye mwini anali m'madzi. Pansi pa lata lotchingira simenti panali thabwa louma. Analisolola, nakwera pamatumba a simenti, n'kugogoda swichi. Anaphonya. Anagogodanso.

Zii.

Mumdimamo munangomveka mvula ndi Toto akulira chifukwa chonyowetsa kabudula.

Achimwene anatuluka ndi tochi, akutukwana akuba. Ataona galu uja anasiya. Anawerama n'kuwunika pansi pa chopondera. Kulowa ndi kutuluka kwa tsiku lonse kunali kutatikita chingwe pachitsulo mpaka kusenda khungu lake, ndipo waya wofiira anali atagona pachitsulopo, ali mbee. Galimoto yonse, kuyambira chitseko mpaka mabampala, inali itasanduka waya mmodzi wodikira munthu woponda pansi.

Alamu anamunyamula Toto. Kachidutswa kobiriwira kaja, ka waya woyenera kutayira m'nthaka magetsi osochera, kanali kadakali pasinki pamene anakasiya. Anakayang'ana, kenako anayang'ana amuna awo.

"Wabwerera bwanji?" anafunsa achimwene, mawu atatsika.

Kansingano anafotokoza ali chikhalire pabedi, phazi limodzi lili ndi nsapato. Za mlatho, za mapegi, za chikhatho. Atafika pa nsalu, analoza katani.

"Bambo a Toto," anatero alamu, "galimotoyi munaigula kwa ndani?"

"Kwa mkulu wina, makaniko."

"Anaigulitsiranji?"

Achimwene anakhala pansi, pakati pa mabedi. "Inakhala kuseri kwa galaja yake zaka zambiri, anthu akuiopa. Kale mkuluyo ankayenda nayo ndi akazi ake. Tsiku lina kunagwa mvula, jenereta ikulira panja, mayiwo anatuluka kukaanula zovala. Anawapeza m'mawa, dzanja lidakali pachogwirira. Makataniwa anasoka ndi iwowo. Mkuluyo anati nsalu yotsala anasokera diresi, ndipo ndi limene anawaveka powaika."

Palibe anayang'ana kuwindo. Toto anali atagona kale pachifuwa cha mayi ake, chala chili mkamwa.

"Mawa ndiitana wa magetsi," anatero achimwene.

"Muitanadi," anayankha alamu.

Kansingano anaimirira. Anagwira m'mphepete mwa katani, chala chake chikutsata msoko uja mpaka pamene ulusi unamangidwa mfundo. Kenako anaikoka bwinobwino kuti itseke zenera lonse.

"Alamu," anatero, "makatani atsopano aja sindisoka."