Mzere wa Malole pa Ainaži

Tsiku lomwe Gundega anakumana ndi Urmas, mzere wa malole pa chipata cha Ainaži, m'malire a Latvia ndi Estonia, unali utakalowa mpaka kunkhalango. Mtsikanayu ankagulitsa supu ndi timabanzi ta nyama m'kanyumba ka m'mbali mwa msewu, mbali ya Latvia. Urmas anali dalaivala, akubwerera kwawo ku Estonia ndi matabwa, ndipo a kasitomu anali atam'gwirira mapepala.

"Asisi, supuyi mwathiramo chiyani? Mtima wanga ukungothamanga."

"Mchere basi, achimwene. Mtimawo mukaonetse kuchipatala."

Anaseka onse, ndipo zinayambira pomwepo. Madalaivala ena ankatukwana mzerewo, koma Urmas ankaudalitsa. Mapepala akachedwa, iye ankakhala m'kanyumbamo, kusenda mbatata, kunong'ona zokoma.

"Duwa langa, chimatilekanitsa n'chipatachi. Tsiku lomwe adzasiye kusecha katundu, ndidzakutenga ukakhale kwathu ku Pärnu."

Gundega anawameza mawuwo osatafuna. Anayamba kumvetsera nkhani za pa wailesi ngati nduna ya zamalonda. Aboma asayina liti pangano? Achotsa liti msonkho? Bwana wake, Mayi Velta, ankangopukusa mutu.

"Mwana iwe, ukupempherera chinthu choti chitilande makasitomala? Ndani adzaime pano msewu ukatseguka?"

"Wanga adzaima, mayi."

Tsikulo linafikadi. Mayiko aja analowa mumsika umodzi, a kasitomu n'kulongedza. Malole anayamba kungodutsa fyuu, osaima. Gundega anavala diresi latsopano, maso kumsewu. Urmas sanaime.

Gundega anam'tumizira uthenga: "Wapamtima, chipata chatseguka. Uli kuti?"

Yankho linabwera mochedwa: "Ntchito yachuluka, dalingi. Pirira pang'ono."

Apirire mpaka liti? Supu ankaiwala pamoto. Lole iliyonse yobiriwira ngati ya Urmas ikaoneka, ankathamangira panja supuni ili m'manja. Mtima unkamuwawa, koma ankamuikira kumbuyo mnyamatayo. Mwina abwana ake ndi ovuta? Mwina akukonza kaye nyumba?

Loweruka lina masana, kagalimoto kofiira kanaima pakhomo. Munatuluka mayi wansangala, mwana ali m'manja. Mwamuna amene ankayendetsa anatsalira m'galimotomo, atagwetsa chipewa kumaso.

"Muli bwanji asisi? Ndine Piret, tachokera ku Pärnu. Tikupita kokayenda ku Riga, koma ndawakakamiza amuna anga kuti tiime, ndione pomwe ankazunzikira."

"Ankazunzika?" anafunsa Gundega.

"Kwambiri! Anzawo ankawoloka tsiku lomwelo, koma iwo mapepala awo ankangokanidwa. Ankagona mumzere uno, ine kunyumba n'kumalira."

Piret anatembenuka n'kukuwa: "Urmas! Tatuluka, uwapatse moni anthu!"

Chitseko cha galimoto chinatseguka pang'onopang'ono. Anali yemwe uja, ndi jekete lomwe Gundega anam'sokerapo batani! Urmas anaima chapatali, maso pansi ngati wataya singano.

"Manyazi awa," anatero Piret akuseka. "Asisi, munkawaona?"

Gundega anafuna kukuwa, kuulula zonse. Koma mwana uja anali akum'mwetulira, ndi maso enieni a bambo ake.

"Madalaivala anali ambiri, mayi. Sindingawakumbukire onse."

"Zoona. Koma Mulungu awadalitse omwe anatsegula msewuwu," anatero Piret, akum'gwira dzanja Gundega. "Andibwezera mwamuna wanga. Masiku ano amagona pakhomo tsiku lililonse."