Khadi Lomaliza Limene Linadya Mbewu Yathu

Nyumba yathu ku Nsambe inali ndi chipinda chimodzi chimene sichinkagonedwa. Chinali cha mbewu. Tikakumba kachewere, bambo ankasankha okha mbatata zosalala, zofanana ndi dzira la nkhuku, n'kuziyala pathandala m'chipindamo kuti zitulutse maso podikira mvula. Zogulitsa zinali zina, zodya zinali zina, koma za m'chipindamo, ngakhale njala iluma bwanji, sizinkakhudzidwa. Mbewu imeneyo bambo anaisunga zaka khumi ndi ziwiri osaisakaniza ndi ya munthu wina.

Achimwene anga a Binwell atamaliza Fomu 4, bambo anawapatsa kiyi wa chipindacho pamaso pa tonse. Mayi anapemphera. Nthawi imeneyo achimwene ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya, ndipo ine, Tisungeni, ndinkayenda m'mbuyo mwawo popita kutchalitchi n'kumalakalaka anthu onse adziwe kuti ndine mlongo wawo.

Kenaka kunabwera a Kingsley, mnyamata wa ku Blantyre amene anatumizidwa kudzagwira ntchito pa ofesi ina kufupi ndi msika. Anali ndi nsapato zosongoka ndi foni yaikulu ngati mbale. Kwathu netiweki imagwira bwino pamalo amodzi okha, pamwala waukulu wa pamwamba pa phiri, ndipo ndi pomwepo anakumana ndi achimwene n'kuwaonetsa masewero a makhadi a pafoni otchedwa poka.

Achimwene anandifotokozera masewerowo, maso ali ngwe. Akuti aliyense amagawiridwa makhadi awiri obisika, ndipo ena asanu amatsegulidwa pakati pang'onopang'ono, anthu akuika ndalama. Lachisanu, lomaliza, amalitcha riva. Akuti a Kingsley anawaphunzitsa kuti mwamuna amadziwika pa riva: ukakhala ndi makhadi apakatikati, osati amphamvu kwenikweni, umadzifunsa ngati mnzako angakulipire ali ndi ochepera ako, ndipo ngati angatero umaika kandalama pang'ono n'kumufinya. Koma akakweza ndalamayo, umathawa.

Sabata yoyamba anawina. Anandigulira sopo wonunkhira. Ndimachita manyazi kunena kuti ndinasamba.

Bambo sanachedwe kumva. Tsiku lina tikupalasa manyowa anaimika khasu n'kufunsa kuti kodi chimene akumaweramira pamwala paja ngati nkhuku yodwala n'chiyani. Achimwene anayankha kuti si njuga, ndi masamu, ndipo opusa okha ndi amene amaluza.

"Ndalama ukuwinayo, analima ndani?" anafunsa bambo.

"Ndi ya anthu akutali, bambo. Sitidziwana."

"Ndiye nawonso yako adzaidya osakudziwa. Siya zimenezo, Binwell."

Achimwene anavomera ndi pakamwa. Mawa lake anali pamwala.

Zinthu zinayamba kuchoka pakhomo ngati zamera miyendo. Nkhuku zawo zitatu zinapita. Njinga akuti inali kwa amisiri, koma sinabwerenso. Kukwaya anasiya, ati pakhosi pakuwawa. Kusamba ankaiwala, malaya amodzi omwewo sabata yathunthu, ndipo pakudya ankatapa ndi dzanja limodzi, linalo likusisita foni yonona ndi mafuta a ndiwo. Mayi anawakhazika pansi n'kuwauza kuti munthu amene wayamba kubisa nkhope ya foni mayi wake akamadutsa ndiye kuti wayambanso kubisira Mulungu mtima. Achimwene anagwira Baibulo la mayi n'kulumbira kuti anasiya kale. Ine ndinali pomwepo, ndipo m'thumba mwawo foni inkanjenjemera.

Loweruka lina m'mawa, mitambo itayamba kusonkhana, ndinakwera phiri kukatola nkhuni. Ndinawapeza pamwala ndi a Kingsley, mitu itagundana. Achimwene anandikodola kuti ndidzaone mmene ndalama imapangidwira. Milomo yawo inali yoyera ndi mate ouma, ndipo fungo la m'khwapa linandibweza pang'ono.

Anali ndi kingi ndi naini. Pakati panali kingi wina, ndiye kuti makingi awiri, makhadi abwino koma osaopsa. Panalinso makhadi awiri a mitima. Riva itatsegulidwa, inali mtima wachitatu. A Kingsley anafotokoza, ngati mphunzitsi wa masamu, kuti ngati munthu winayo wabisa mitima iwiri ndiye kuti yakwana isanu ndipo makingi afa, koma mwina ali ndi kwini chabe, wochepera kingi, woti angalipire kandalama kochepa. Achimwene anaika pang'ono.

Kenaka munthu wosaoneka uja anakweza, n'kuika zake zonse.

"Basi thawa, aise," anatero a Kingsley. "Ameneyu wakhala phee m'mawa wonse. Munthu wotere akakweza pa riva sanama."

"Akundiopseza chabe. Waona kuti ndaika pang'ono, ndiye akuyesa ndine wamantha."

"Ndi makhadi ati ochepera ako amene angakweze nawo chonchi? Tchula amodzi."

Thukuta linadontha kuchokera pamphuno pa achimwene n'kugwera pafoni. Ananong'ona kuti matumba anayi alowa kale m'menemo, ndiye athawe kupita kuti. Anadina pafoni, n'kuika nawonso zawo zonse.

Mitima iwiri inatembenuzidwa. Foni inalira kanyimbo kosangalala, ndipo pamene panali ndalama panatsala ziro.

A Kingsley anadzisasa fumbi kumatako, n'kunena kuti iwo anachenjeza, ndipo zimenezi zimachitikira aliyense. Akutsika anaonjeza kuti ngati pali mnzawo wina wofuna kuyamba amutumize kwa iwo. Pambuyo pake ndi pamene tinamva kuti ankalandira kangachepe pa munthu aliyense amene amulowetsa.

Koma ine m'mutu mwanga munatsala mawu amodzi: matumba. Matumba a chiyani? Nditafunsa, achimwene anandigwira mkono mpaka zala zawo zinadindika, n'kundiuza kuti ndikatsegula pakamwa sindine mlongo wawo. Ndinakhala chete masiku anayi. Limenelo ndi tchimo langa, ndipo ndikulilemba pano kuti nalonso lioneke.

Mvula inagwa Lachiwiri. Lachitatu m'mawa anthu a mumpingo anabwera ndi makasu kudzatithandiza kubzala, monga timachitira chaka chilichonse, ndipo mayi anali ataphika thobwa. Bambo anaitanitsa kiyi. Achimwene anafufuza m'matumba onse, anati wataika. Bambo anatenga nkhwangwa n'kuthyola loko.

Fungo ndi limene linatuluka poyamba. Amayi awiri anaphimba mphuno ndi zitenje, mwana wina anasanza pakhonde. Pamwamba pa thandala panali mbatata zathu zowerengeka, zoyalidwa bwinobwino ngati zonse zili m'malo. Bambo atapisa dzanja, linalowa mpaka m'chigongono m'phala lakuda, ndipo potuluka linali ndi mphutsi.

Achimwene ankatapa mbewu ya pansi n'kukagulitsa kwa ophika tchipisi. Kuti mulu usaoneke kuchepa, ankatola mbatata zimene mavenda ataya kuseri kwa msika, zobooka ndi zodwala, n'kuziika pansi, zabwino pamwamba. Mwana wa mlimi, amene kuyambira ali wamng'ono ankaona bambo akutaya kutali mbatata imodzi yokha ya banga! Zoola zija zinadya ndi zotsala zomwe. Pa mbewu ya zaka khumi ndi ziwiri sipanapulumuke ngakhale yodzaza chipewa.

Anthu anatola makasu awo mmodzimmodzi. Thobwa linatsala m'ndowa. Bambo sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anapukuta dzanja paudzu n'kuyang'ana mwana wawo.

"Unati ndi masamu. Tawerengera tsono, chaka chino tibzala chiyani?"

"Bambo, ndinkafuna ndibweze zonse musanadziwe. Linatsala khadi limodzi lokha."

"Tulutsa zimenezi. Ndi manja, osati ndi fosholo. Uzimve."

Achimwene anatuta tsiku lonse kukataya kudzenje, madzi akuda akuyenderera m'mikono, ntchentche zikuwaperekeza. Ulendo wina ndinawaona atagwada m'mbali mwa dzenjelo, mapewa akugwedezeka. Sindinapite. Madzulo ndinaulula kwa mayi kuti ndinkadziwa, ndipo anangondiyang'ana n'kunena kuti pakamwa potsekedwa paja panaoletsa nawo mbewuyo.

Chaka chimenecho munda wathu unamera chisoso. Lamulungu lotsatira tsiku lothyola loko lija, achimwene anaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kunena okha zimene anachita. Foni anaigulitsa. Anagwira ganyu milungu itatu kwa a Malizani, oyandikana nafe, n'kulipidwa ndowa imodzi ya mbewu, imene inakwana mizere isanu ndi umodzi pakona pa munda. Bambo anaithirira manyowa, koma mpaka lero amaitcha mbewu ya a Malizani. Kiyi wa loko watsopano bambo amamumanga m'chiuno mwawo. Achimwene anabwerera kukwaya, amakhala kumbuyo, ndipo nthawi zina pa ulaliki ndimaona chala chawo chachikulu chikusisita bondo ngati pali galasi la foni.

Agogo asanamwalire anandizoloweza kusandutsa chilichonse ndagi, ndiye nayi yanga: kanthu kokwana m'dzanja, kopanda mano, kanameza munda wathunthu. Mukayankha kuti foni mwayandikira. Yankho lake ndi njuga, ngakhale itavala dzina la masamu. Anzanga a kusukulu ndi a kutchalitchi, wina akadzakuuzani kuti ili ndi nzeru zake, za poika pang'ono ndi pothawira, kumbukirani kuti achimwene anga nzeruzo ankazidziwa zonse, ndipo panalinso wowakumbutsa pambali pawo. Munthu amene waika kale mbewu ya kwawo sathawanso. Pothawira penipeni ndi musanakwere pamwala paja.